Nsapato Yakumanzere

Loweruka m'mawa, ku Mpondasi, kuseri kwa chigayo,
ndimatsegula shedi yanga ya malata ndi ziguduli.
Akuluakulu amabwera madzulo, kudzaonera mpira ndi zibakera.
M'mawa ndi wa ana ndi makatuni awo,
handiredi kwacha pakhomo,
wopanda ndalama asese pansi, alowe.

Lero ndaika filimu yomwe sindinaionepo n'komwe.
Palibe anaimasulira m'Chichewa kapena m'Chiyao,
ndipo mawu oti n'kumasulira mulibe:
nsapato yakumanzere, yojambula pamanja, yamaso awiri,
yagwa pa lole, inzake yapitirira ndi ulendo.
Basi, nkhani yake ndi yomweyo.

Ndimati atopa nayo, ayamba kugendana ndi makoko a mtedza.
Koma pa mabenchi pali zii.
Nsapato ikudumphadumpha m'mbali mwa msewu,
zingwe zake zikukhwekhwereka m'fumbi,
ikamva galimoto, imaimika lilime lake ngati dzanja.
Wina kumbuyo wakuwa: Taimani, inu adalaivala!

Kumaso kwake kulibe zambiri,
timadontho tiwiri ndi kamzere.
Kamzereko kakapindikira pansi, shedi yonse imawerama.
Ndaonetsa mafilimu a anthu enieni zaka zisanu ndi zitatu.
Munthu weniweni ali ndi mphuno yakeyake, khungu lake, kwawo,
ana amadziwa kuti uyu ndi mwana wa eni ake.
Timadontho tiwiri tilibe mtundu, tilibe mfunda.
Ndi nyumba yopanda mwini, yosakhoma,
aliyense amalowamo ndi katundu wake.

Asiyatu walowa ndi wake.
Wakhala kutsogolo, mng'ono wake ali kumsana.
Bambo ake anakwera basi ya ku Joni
mano ake aubwana asanayambe kuguluka.
Foni inkalira Lachisanu lililonse anthu akatuluka mumzikiti,
kenako mwezi ukatha,
kenako ayi.
Sakulira mwanayu.
Akungotafuna nsonga ya mpango wake.

Pakhomo paima Che Jafali wakabaza,
adzatenga mwana wawo kuti akamete.
Njinga ayedzamiritsa pa mtengo wa nimu.
Akuti: Zachibwana izi, nsapato n'kukhala ndi maso?
Mphindi khumi zadutsa, akadali pomwepo.
Kasitomala waitana kawiri, watopa, wakwera ya wina.

Nsapato yafika pa mlatho, mvula ikuikwapula,
tsidya linalo kukuoneka kanthu kofiira,
ikuyandikira, ikuyandikira,
magetsi thimu!

Mdima, kutentha kwa malata, fungo la thukuta ndi zitumbuwa.
Jenereta ilibe dontho la mafuta.
Ndikudikira mfuu ija ndinaizolowera, ya tibwezereni ndalama zathu.
M'malo mwake wabuka mkangano:
Ndi inzake ija!
Bodza, ndi chitini chabe!
Iwoloka!
Madzi aikokolola!
Kamnyamata kena kakulumbira kuti mlathowo ndi wathu womwewu wa pa Shire,
akuti kauzindikira zitsulo zake.

Asiyatu, osacheuka n'komwe:
Inzakeyo nayonso ikufunafuna.
Kungoti sanationetse.

Palibe wamuyankha.
Mng'ono wake wadzuka, akuyamwa chala.

Che Jafali akhosomola, ayang'ana kudenga
ngati pali chachilendo pa malata anga adzimbiri.
Apisa m'thumba, atulutsa ndalama zopindapinda,
zonyowa ndi thukuta la maulendo a m'mamawa:
Iwe, thamanga pamsewu ukagule hafu lita.
Tingoona mmene zithere, si kuti n'zofunika.

Ine ndinkadziyesa wogulitsa mdima ndi phokoso,
wowerenga mitu pakhomo, wosalabadira za pakhoma.
Taonani tsopano ndagwada m'fumbi kuseri kwa shedi,
ndikukoka chingwe cha jenereta,
kamodzi, kawiri, ikungotsokomola,
ana makumi atatu ndi bambo mmodzi akudikira mumdima,
ndipo pokoka kachitatu ndadzigwira ndekha
ndikupempherera nsapato.